Mdzukulu Wanga Sankalira

1

Dzina langa ndine Keziah, koma mukafunsa dzina limenelo kudoko la Nkhata Bay palibe angakulozereni. Funsani NyaLongwe wa nsomba zowamba. Akuuzani kuti ndi mayi uja sachotsera mtengo ngakhale kwa abusa, ndipo sakunama. Sukulu ndinangoilawa. Kwathu timayankhula Chitonga, Chinyanja changa ndi cha pamsika, ndiye wofuna mawu osalala atsegule tsamba lina. Ine ndikufuna kunena za mdzukulu wanga Lily.

Muyambe mwadziwa ichi: mowa ndimadana nawo. Mwamuna wanga Yakobe anali msodzi wodziwa nyanja kuposa onse a kwathu ku Chikale. Tsiku lina anamwa kachasu paukwati, n'kukwera bwato lake masana, nyanja ili phee ngati madzi a m'mbale. Anamira pamalo pamene ana amasambira. Tinamuvuula mawa lake. Dolly, mwana wanga mmodzi yekhayo, anali asanayambe n'sukulu yomwe. Pamaliro pomwepo ndinamugwira khutu n'kumulozetsa mtembo wa bambo wake.

"Waona? Mwana wanga akadzalawa chinthu chimenechi, ameneyo si wanganso. Ndidzamulira maliro ali moyo."

Mawu amenewo ndinkawabwereza chaka ndi chaka. Ndinkati ndikulera.

Atakula, kunabwera mnyamata, Paston Mhone, kudzamufunsira. Mlongo wanga Cyrus, amene anali nkhoswe, ankafuna kuyamba ndi za chilowola, chuma chimene akuchimuna amapereka kuno kwathu. Ine ndinatumiza funso limodzi: amamwa? Anayankha kuti samwa. Ndinati alumbire atagwira Baibulo. Analumbira.

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Mukakumana panjira, iye amapatukira patchire. M'nyumba mwanga salowa. Akakhala ndi mawu amatuma nkhoswe, zikavuta amagwada kuseri kwa mpanda n'kuyankhula atayang'ana kumbali. Paston ankasunga mwambo umenewu kuposa anyamata onse, moti ndinkanyadira naye pamsika. Zaka zonsezo nkhope yake ndinkangoidziwa cham'mbali.

2

Atakwatirana, Paston anapita ku Joni monga amachitira amuna onse kuno, n'kukalembedwa ntchito yoperekera zakudya muhotela. Ali komweko, mwana wawo woyamba, Davis, anatentha thupi n'kumwalira. Dolly analira mpaka mawu anatha. Sankagona, sankadya. Ndinamulekerera mwezi, kenako ndinatopa.

"Basi tsopano. Ine ndinaika bambo ako, sabata isanathe ndinali pamsika. Dzuka ukaviike chinangwa."

Anadzukadi. Ndinati mankhwala anga agwira.

Paston anabwerera pa sitima ya Ilala mu 1955, atavala suti ndi chipewa, atasenza makina osokera. Anapeza malo pakhonde la sitolo ina kuboma n'kuyamba utelala. Chaka chotsatira kunabadwa Lily, kamwana konenepa, kamawu ngati wisulo ya sitima.

Lily asanayambe kukwawa, mnzanga Susan wogulitsa nthochi anandikodola pamsika.

"NyaLongwe, mkamwini wanu ndamuona kwa Rosina."

Rosina aliyense amamudziwa. Ankatcheza kachasu m'nthochi kuseri kwa phiri, kumene mesenjala wa boma safika.

"Bodza. Maso akowo ndi a nthochi zowola."

"Kawiri konse, mayi. Amakangana naye mokweza, kenako amatuluka jekete litatupa mbali imodzi."

Ndinavundikira nsomba n'kukwera mtunda kupita kwa Dolly. Ndinapeza Dolly atakhala pansi, pamphumi pali bala. M'nyumba munali fungo limene ndinalimva komaliza pa malaya a Yakobe.

"Wakuchita ichi ndani?"

"Ndagwa ndi mtsuko, ama."

"Nanga fungoli lagwanso ndi mtsuko?"

Ankangotafuna masamba a mandimu, akuti dzino linkamuwawa.

"Mwana ali kuti?"

"Atenga bambo ake. Amamubweretsa nthawi yoyamwa."

Ndinatsikira kumasitolo. Ndinapeza Paston akupalasa makina, Lily atamubereka kumbuyo ndi chitenje ngati mzimayi. Mwana akulira, anyamata osewera bawo akuseka, akumuitana ngati amaitanira akazi.

"NyaMhone! Mwana wanyowetsa thewera, kasintheni!"

Poti sindikanayankhula naye maso ndi maso, ndinayankhula ndi nsanamira ya khonde.

"Nsanamira iwe, umuuze mwini makinawa kuti mdzukulu wanga si katundu woyenda naye m'masitolo."

Anaimirira, anavula chipewa, anatembenukira kukhoma.

"Ama, mwana ali bwino kuno."

"Nsanamira iwe, umufunse. Amamwa kapena samwa?"

Anangoyang'anabe kukhoma. Jekete lake linali pamsomali, thumba litalemera. Ndinapisamo dzanja n'kutulutsa botolo. Ndinatsegula, ndinanunkhiza, ndinaliphwanya pamwala anthu onse akuona. Paston sanatembenuke. Anangoika dzanja kumbuyo n'kumasisita mwana.

Pobwerera ndinalumbira mumtima: Lily sakulira m'nyumba ya chidakwa. Kachasu anatenga mwamuna wanga, mdzukulu wanga yekha ayi.

3

Akulu a mpingo anamuitana Paston. Atamufunsa anangoti, "Botolo linali m'jekete langa, sindikana." Anamuimika pa Mgonero. Amayi amene ankasoketsa madiresi kwa iye anayamba kupita kwa telala wina.

Ine sizinandikwanire. Ndinauza Cyrus kuti aitane akuchimuna, ndinkafuna Dolly ndi mwana abwerere kwanga. Tinakhala pansi pa mimango kwa Cyrus, ine nditakhala kuseri kwa mphasa yoimika monga mwa mwambo. Kumbali ya Paston kunabwera amalume ake, mkulu wopuma pa ntchito ya ukalaliki, woyankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga.

"Ife sitikana kuti mnyamata walakwa. Mayi wa mwana apite kwawo akapume. Koma chilowola tinapereka, mwana ndi wa kwa Mhone. Masana azikhala ndi azakhali ake, azipita kwa mayi wake nthawi yoyamwa."

Cyrus anayamba kugwedeza mutu movomera. Mlongo wangayo ndi munthu woti ukamugulitsa bwato lobooka amathokoza. Ndinakuwa kuseri kwa mphasa.

"Chilowola chanucho ndibweza lero. Bwato la malemu lili apo. Khoka lili apo. Mbuzi zili apo. Tengani zonse, mwana musiye."

"NyaLongwe," anatero Cyrus, "bwato limenelo ndi limene limakudyetsani."

"Ndinadya kale."

"Ama, sitinabwere kudzagula kapena kudzagulitsa," anatero mkulu uja.

"Ndiye mwabwera kudzatani? Munaona kuti mwana woyamwa akuchoka pabere chifukwa cha mbuzi? Azakhali akewo atulutsa mkaka? Mawa chidakwa chanuchi chikadzagwa naye m'ngalande, mudzabweza chiyani inu?"

Iwo akatsitsa pang'ono, ine ndinkakweza. Akati masiku atatu kuno atatu uko, ine ndinkati onse kuno. Ntchito yanga ndi imeneyi, munthu ndimamudziwa akayamba kutopa. Dzuwa litapendeka, mkulu uja anapukuta thukuta n'kuyang'ana mphwake.

Paston anayankhula atawerama. "Ndavomera. Koma ndipemphe chimodzi kudzera mwa ankhoswe. Mwana asamachoke m'maso mwa agogo ake. Akamapita kumsika azimutenga."

"Mwamva? Chidakwa chikufuna kundiphunzitsa kulera!"

Dolly anakhala poteropo, mutu uli pansi, manja akunjenjemera. Ndinati ndi mantha a munthu womenyedwa. Paston anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Amake Lily, palibe choti munene?"

Dolly anapukusa mutu.

Tsiku limenelo ndinadutsa m'Chikale monse mdzukulu ali kumsana, ndikupereka moni kwa anthu amene sindinkawapatsa moni. Bwato silinapite, mbuzi sizinapite, mwana ndatenga. Malonda abwino chotere ndinali ndisanachitepo.

4

Masiku oyamba Lily ankalira kwambiri, mano anali akumera. Ine ndinkadzuka m'mawa kupita kukagula nsomba kwa asodzi, kuwamba, kenako kumsika. Ndinauza Dolly kuti, "Mwana wakoyo mutontholetse, mutu wanga ukuwawa." Patapita masiku ochepa, mwana anatontholadi.

Ndikabwera masana ndinkamupeza ali mtulo. Madzulo ali mtulo. Amayi oyandikana nafe ankabwera kudzamuona.

"Koma NyaLongwe muli ndi mwayi. Wathu uja satipatsa mpata ngakhale wosinja."

"Ndi malo," ndinkatero ine. "Kwa bambo wake ankalira chifukwa cha fungo. Kuno wapeza mtendere."

Akadzuka ankayang'ana ndi maso olemera, khosi lili lende. Kuyamwa ankayamwa mwaulesi. Masaya aja anayamba kuphwa. Ndinati ndi mano.

Dolly anatenga ntchito yonse ya chinangwa cha kondowole, nsima yathu ya kuno: kuviika m'mitsuko kuseri kwa nyumba, kusenda, kuyanika, kusinja. Amene anafikapo kwathu akudziwa fungo la chinangwa choviika. Limalowa m'zovala, m'tsitsi, limakwirira fungo lina lililonse pakhomo. Sankalola kuti ndimuthandize. Ndinkamuyamikira. Masana ankagona pang'ono, akuti mutu.

Paston ankabwera m'mawa uliwonse asanapite kumakina. Ankagwada kuseri kwa mpanda wa bango, ine n'kumangoona chipewa chili pabondo. Tsiku lina anakoleka pampanda kadiresi kachikasu kamene anasoka.

"Ama, mwana wagona bwanji?"

"Akugona."

"Masananso amagona?"

"Usana wonse. Kuno kulibe phokoso la zidakwa."

Iye anati, "Ama, mwana wa msinkhu umenewu amayenera kulira."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. "Mwamva inu anthu? Akudandaula kuti mwana wake sakulira!"

Ndinatenga beseni la madzi otsukira nsomba n'kukhuthulira kuseri kwa mpanda. Sanathawe. Ndinamva akukutumula chipewa, kenako mapazi akupita.

5

Tsiku la Ilala kwa ife amalonda ndi tsiku lokolola. Sitima ikaima, anthu a ku Joni ndi a ku Halale amatsika ndi njala ya nsomba za kwawo, okwera amagula kamba wa panjira, ophika a m'sitima amatenga dengu lathunthu. Ukachedwa, malo abwino a pafupi ndi mlatho atenga ena.

M'mawa umenewo Lily anadzuka akulira ngati kale, nkhama zitatupa. Ine ndinali kulongedza nsomba za batala zowamba m'madengu. Kuseri kwa mpanda kunamveka kutsokomola.

"Ama, lero kuli sitima."

"Ndikudziwa. Sindine mlendo."

"Mwana mupite naye kudoko."

"Ndikagulitse nsomba kapena ndikavine ndi mwana? Ali ndi mayi wake."

"Ndiye mundilole ndimutenge ine. Lero lokha. Ndimubweza inu mukamafika."

"Kuti mukamugoneke kwa Rosina?"

"Ama." Mawu ake anasintha. "Pali mawu amene ndakhala nawo nthawi yaitali. Si mawu oti mkamwini anene kwa apongozi ake. Ndinapita kwa ada Cyrus dzulo, ndinapeza ali kunyanja. Mundipatse kanthawi pang'ono, mukhale pansi."

Nthawi yomweyo Dolly anatuluka n'kuima pakhomo, mwana ali m'manja. Anangoyang'ana kumpanda, kenako anayang'ana kunyanja. Ndinaona chipewa chija chikupindidwa m'manja mwa Paston.

"Nenanitu! Ndilibe tsiku lonse."

"Ama, nkhani yake ndi yakuti... amake Lily..."

Sitima inaliza wisulo kuseri kwa phiri.

"Amake Lily munawamenya, munawachititsa manyazi, tsopano mukuwafuna. Ndamva kale. Yankho ndi lomwe lija. Ndipo phazi lanu lisaponde pabwalo langa."

Ndinasenza dengu. Potuluka ndinauza Dolly kuti, "Mwanayo ndisamupeze akulira." Ndinathamangira kudoko, malo abwino ndinawapeza.

6

Malonda anayenda. Dzuwa lili pamutu ndinali kulimbana ndi wophika wa m'sitima, munthu wa kumwera, wonenepa.

"Amayi, nsomba zimenezi zaona sitima ziwiri."

"Zikanaona sitima ziwiri zikananenepa ngati inu. Mugula kapena mukunditchingira dzuwa?"

Anthu akuseka, ndinaona munthu akuthamanga kuchokera njira ya ku Chikale. Wopanda chipewa, wopanda nsapato, atakumbatira kanthu pachifuwa. Ndinaona nsalu yachikasu. Ndinazindikira kadiresi.

Sindinaganize. Ndinakuwa ndi mawu onse amene Mulungu anandipatsa.

"Wakuba mwana! Mugwireni! Chidakwa chaba mwana!"

Amtengatenga a padoko amandidziwa, ena ndinawalera ndi mitu ya nsomba. Anaponya katundu pansi n'kumutsekera njira. Wina anamugwira malaya, wina anamukola mwendo. Paston anagwa chagada kuti mwana asagunde pansi.

"Ndisiyeni! Kuchipatala! Ndikupita kuchipatala!"

"Waledzera uyu, mugwireni bwino!"

Anamukhalira pamiyendo. Anthu anaunjikana, ena akutukwana, ena akufunsa chachitika n'chiyani. Ine ndinavutika kudutsa pagulupo ndi zigongono. Nditafika ndinaiwala ulemu wonse.

"Iwe galu iwe, bweretsa mwana!"

Ndinamulanda. Ndipo m'manja mwanga munagwa chinthu chofewa ngati nsalu yonyowa. Mutu unagwera kumbuyo. Milomo inali yotuwa, thupi lozizira dzuwa lonselo. Ankapuma kamodzi, n'kukhala, n'kukhala, n'kupumanso. Padiresi panali masanzi. Ndinaweramira kukamwa kwake.

Fungo la malaya a Yakobe.

"Wamumwetsa chiyani? Wamumwetsa chiyani mwanayu?"

Paston anadzutsa mutu n'kundiyang'ana m'maso. Aka kanali koyamba chikwatirire mwana wanga. Ndinaona kuti ali ndi kachipsera pachikope, ndinaona kuti maso ake ndi oyera ngati a mwana.

"Ama, ine mowa sindinaulawepo chibadwire. Mwanayu ndamutola m'nyumba mwanu."

Amtengatenga aja anamusiya okha. Sindikumbukira amene anayamba kuthamanga. Ndikukumbukira kuti pamtunda wopita kuchipatala miyendo yanga inakana, iye anatenga mwana m'manja mwanga osapempha, ine n'kumukwawira m'mbuyo.

Adokotala ananunkhiza kamodzi kokha n'kufunsa kuti wamwa wochuluka bwanji. Palibe ankadziwa. Anayesa zimene anayesa. Anatiuza kuti kathupi kotere sikatha kulimbana ndi kachasu, kuti supuni imodzi kwa khanda ili ngati botolo kwa munthu wamkulu, imagonetsa thupi mpaka mpweya womwe umagona. Lily sanadzuke. Anasiya kupuma dzuwa lisanapendeke kwenikweni, mwakachetechete, monga ndinkamutamira.

Ndinafunsa adokotala ngati nthawi imene tinataya padoko ndi imene yamupha. Anati sangadziwe. Bola akanandinamiza.

7

Ndinabwerera ku Chikale ndekha. Chitseko changa chinali chothyoka. Dolly anali gone pansi pafupi ndi mphasa ya mwana, kukamwa kuli yasa, bulauzi itanyowa ndi mkaka. Pambali pake panali kasupuni ka tiyi.

Ndinapita kuseri kwa nyumba. Ndinapisa mkono mumtsuko wa chinangwa mpaka m'phewa. Pansi penipeni zala zanga zinagunda galasi. Mumtsuko wachiwiri munalinso lina.

Ndinamuthira madzi kumaso. Anatsegula maso, anayang'ana pamphasa.

"Lily wadzuka?"

Ndinaika mabotolo aja patsogolo pake. Anawayang'ana, anandiyang'ana ine, anayang'ananso pamphasa. Kulira kumene analira sindingakulembe.

Mawu atabwerera, ananena zonse, ine osafunsa. Anayamba atamwalira Davis. Tulo sitinkabwera, akatseka maso ankaona mwana akuphupha. Rosina anamupatsa kakapu kuti agone. Anagona. Mawa lake anapitanso.

"Munati ndidzuke, ama. Ndinadzuka ndi chimenechi."

Paston atabwerako ku Joni anazindikira sabata yomweyo. Ndiye ankapita kwa Rosina kukamudandaulira kuti asamugulitse mkazi wake. Ndiye ankafufuza mabotolo m'nyumba n'kukawataya kutali. Limene ndinaphwanya lija anali atalipeza m'nkhokwe m'mawa womwewo. Bala la pamphumi analidi mtsuko, Dolly anagwa nawo ataledzera. Za mwana, Rosina yemweyo ndiye anamuuza kuti khanda likamavuta ndi mano umaviika chala n'kulipaka m'nkhama. Chala chinasanduka supuni. Paston atamupeza tsiku lina, anayamba kubereka mwana kupita naye kuntchito.

"Lero wamupatsa angati?"

"Sindikudziwa, ama. Ndinamupatsa, sanatonthole. Munati musamupeze akulira. Ndinamwa ine, ndinamupatsanso. Kenako sindikudziwa."

"Nanga mwamuna wakoyo analibe pakamwa? Anavomereranji kunyozedwa tauni yonse?"

"Ndinamuuza kuti tsiku limene mudzadziwe inu, ine ndidzapita m'nyanja kumene anapita ada, bambo anga. Anandikhulupirira."

"Bwanji sunandiuze wekha? Sindine mayi wako?"

Anandiyang'ana ngati kamwana kaja ndinakagwira khutu.

"Munati mudzandilira maliro ndili moyo."

Dzanja langa linali m'mwamba kale. Linatsika lokha.

Zotsala ndinamva kwa oyandikana nafe. Nditachoka m'mawa uja, Paston sanapite kumakina. Anakhala kuseri kwa mpanda. Anamva mwana akulira, kenako kulira kunaleka mwadzidzidzi. Anaitana, palibe anayankha. Anazungulira mpanda, anaitananso. Anafika pachipata n'kubwerera, anafikanso n'kubwerera, chifukwa inali nyumba ya apongozi ndipo ndinali nditamuletsa kuponda pabwalo. Pomaliza anavula nsapato, akuti mwaulemu, n'kuthyola chitseko changa ndi phewa.

8

Nsalu yoikira Lily anasoka Paston yekha. Apolisi anakaphwanya miphika ya Rosina, mwezi usanathe wina anayamba kutcheza kutsidya kwa mtsinje.

Masiku a maliro onse ndinkagona nditamanga chitenje changa ku chitenje cha Dolly, kuopa nyanja. Atasiya kumwa thupi lake linkanjenjemera, ankatuluka thukuta, ankaona zinthu pakhoma. Ndinkamugwira ngati khanda. Sindinamukalipire. Kukalipa ndinali nditamaliza.

Titameta, ndinapita kwa akulu a mpingo n'kuwauza kuti munthu amene anamuimika samwa. Kuchoka apo ndinapita kumasitolo. Paston anali pamakina, kumsana kulibe kanthu. Anyamata a bawo anasiya kusewera. Sindinayankhule ndi nsanamira. Ndinagwada pafumbi patsogolo pake.

Anadzambatuka n'kutembenukira kukhoma.

"Ama, dzukani. Anthu akuona."

"Aone. Anaona ndikuphwanya botolo, aonenso izi. Ada Mhone, ine ndilibe mawu okoma. Bwato lija, khoka, mbuzi, nyumba, nenani chimene mukufuna."

Ndinalibe china chimene ndimadziwa kupatula malonda. Iye anaimabe atayang'ana kukhoma.

"Nanenso ndinachedwa, ama. Ndinasunga mawu, ndinasunga mwambo, mwana sindinamusunge."

"Nenani chimene mukufuna."

"Mkazi wanga. Iye akadali moyo."

Aka kanali koyamba m'moyo mwanga kupereka chinthu pa mtengo woyamba.

Dolly ali kwa mwamuna wake tsopano. Sindikunamizani kuti anachira. Miyezi ina amakhala bwino, amathandiza kusoka mabatani. Tsiku lina chaka chino tinamupeza kutsidya kwa mtsinje. Kusiyana kwake n'kwakuti Paston anabwera molunjika pakhomo panga, analowa, anakhala pampando n'kundiuza, tinapita kukamutenga tonse awiri. Amayi ena amanena kuti NyaLongwe wataya mwambo, akudyera mbale imodzi ndi mkamwini. Anene.

Ndinafunsa Dolly ngati ndingalembe izi. Anati, "Lembani, mwina wina ataya supuni."

Ndiye inu owerenga, makamaka amayi anzanga. Kachasu si mankhwala a mano, si mankhwala a tulo, si mankhwala a chisoni. Wina akakuuzani kuti kadontho sikapha, mufunseni ngati anaikapo mwana m'manda. Musamayang'ane chidakwa panjira pokha, pamene pali phokoso. China chili m'nyumba mwanu, chimakuphikirani, chimagwada pokupatsani madzi, ndipo chikuopa inu kuposa imfa. Ine ndinadana ndi mowa mokweza kwambiri moti mwana wanga atagweramo analibe khomo logogoda. Ndipo munthu akagwada n'kunena kuti ali ndi mawu, tulani dengu. Sitima imabweranso.

Ndikadali kudoko, mtengo sindichotsera. Koma makasitomala akudandaula kuti masiku ano ndimawasiya ali chiimire ndalama zili m'manja. N'zoona. Mwana wa munthu akayamba kulira pagulupo, ine ndimasiya zonse n'kumvetsera. Mayi wake akamachita manyazi n'kumamugwedeza kuti atonthole, ndimamuuza kuti, "Musiyeni, mwana wanga. Musiyeni alire."